BP siliza hutala: zimene ndinakaona ku Mpanshya

Foni inalira ndili pa mpando wa kumbuyo m'basi ya ku Matero. Tinali titaima pa mzere wa mamotoka mu Lumumba Road, thumba la anyezi la amayi ena lili pa maondo anga. Anali msuweni wanga wa ku Mpanshya, ndipo sanapereke ndi moni womwe.

"Bwelani, ba tate banagwa ku munda. Kamwa yapendama, sibakamba bwino."

"Banagwa liti?"

"Mailo kuseni. Tabaleta ku cipatala lelo."

Ndinawerenga maola pa zala, m'mimba n'kuzizira. Amalume anali atagona ndi vutolo usana wonse ndi usiku wake asanaonedwe ndi wacipatala aliyense.

Ambiri a inu amene mukuwerenga nkhaniyi mutapanikizana anayi anayi pa mpando munanyamulidwapo ndi amalume anga osadziwa. Anayendetsa minibasi zaka 22, poyamba ya ku Chawama, pambuyo pake ya ku Chelstone. Anali kudzuka 4 koloko m'mamawa ndi kufika pakhomo ana atagona kale. Cakudya cawo cinali ca pa siteshoni: vitumbuwa ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga m'mawa, nsima ya nyama yosambira mu saladi masana, micopo yowaza mcere ndi botolo limodzi kapena awiri madzulo. Podikira kuti basi izule anali kuyatsa fodya. Mutu wonse unali pa cashing ya mwini basi, pa mtengo wa mafuta ndi pa ma roadblock.

Atatopa anagula malata, nakamanga ku Mpanshya kwawo kwa akazi awo, nayamba kulima cimanga ndi nshawa. Tonse tinati mudala wapumula. Sitinadziwe kuti matenda amene adzawagwetse m'munda anayambira kuno, pa mpando wa dalaivala, zaka zambiri asanagwire khasu.

Msewu wa kum'mawa

M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Chipata pa Intercity. Kwa amene simunafikeko, Mpanshya ili m'boma la Rufunsa, m'dziko la Asoli, pafupifupi makilomita 200 kucokera mu Lusaka mukatsata Great East Road. Mumapitirira Chongwe, Chinyunyu pamene pali madzi otentha otumphuka pansi, ndi Rufunsa yeniyeni, ndiye mumaseluka musanafike pa mlatho wa Luangwa. Njira yonse mumadutsana ndi mathiraki a malasha olowera kutauni. Kumeneko kuli cipatala ca mishoni ya Akatolika ca St Luke's, cimene cimalandira odwala ocokera m'midzi yambiri ya m'mapiri amenewo, ndipo pomwepo pali sukulu yophunzitsa manesi.

Amalume ndinawapeza atagona cammbali. Munthu amene akaitana kondakitala wake mawu anali kumveka siteshoni yonse, tsopano anali kulimbana ndi dzina langa ngati mwana wophunzira kukamba. Dzanja lamanja, lija limene linali kukhala pa windo kukodola anthu m'mbali mwa msewu, linangogona pa bulangeti ngati la munthu wina. Pa pepala lawo panali nambala imene anaipeza powalandira: 210/120.

Ba anti, akazi awo, anandifotokozera tili panja. Amalume anagwa ca m'ma 7 koloko akupalira. Khasu linapulumuka m'manja, mwendo n'kukana. Atawanyamulira kunyumba, ena anati ndi cizungulire ca njala, nawaphikira phala, ndipo anatsamwa nalo. Ena anati mwamanga nyumba ya malata pakati pa eni mudzi, mwaponda pa mankhwala. Tsiku linatha ndi mkangano wakuti ayambire kuti, kucipatala kapena kwa ng'anga. Ngolo ya ng'ombe inamangidwa m'mawa mwake.

Sindinyoza abale anga. Mkangano womwewo umacitika m'makomboni mwathu muno, pamene cipatala ciri pa mtunda wa basi imodzi cabe.

Cimene cinandiwawa kwambiri cinatuluka m'thumba la jekete lakale. Kanali kabuku ka ku kiliniki ina ya mu Lusaka, ka caka ca 2016. Munalembedwa 168/102, mankhwala a mwezi umodzi, ndi tsiku lobwererako. Masamba otsatira anali oyera.

"Banamwa mwezi umozi cabe, mwana wanga," anatero ba anti. "Bati napola, mutu waleka kubaba."

Misewu yotuluka

Masiku asanu amene ndinakhala pa cipatalapo ndinafunsa mafunso mpaka kutopetsa anthu, ndipo nditabwerera ndinapitiriza kuwerenga. Paja safunsa anadya phula. Lekani ndikuuzeni m'cinenero ca pa siteshoni.

Mtima ndiwo siteshoni. Umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, kuzungulitsa malita asanu a magazi, ndipo uli ndi misewu yotuluka ndi yobwerera. Mitsempha yotuluka, imene acipatala amati ma artery, imanyamula magazi okhala ndi mpweya wabwino kupita ku ubongo, ku impso, ku miyendo ndi ku mnofu wa mtima weniweniwo. Khoma lake ndi lolimba koma lotanuka ngati mpira. Yobwerera, ma vein, ndi yopyapyala, ndipo nchito yake ndi kubweza magazi kumtima. Matenda a mitsempha iwiriyi ndi osiyana, ndipo banja lathu lakumana ndi onse awiri.

Tiyambe ndi yotuluka. Mkati mwa mtsempha wabwino mumakhala mosalala. BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka, magazi amamenya khoma la mtsempha ndi mphamvu yopitirira muyeso, usana ndi usiku. Utsi wa fodya ndi shuga woculuka m'magazi nazonso zimakanda khoma lomwelo. Pamene pakandika pamakakamira mafuta a m'magazi, aja amati kolesterolo, ndipo pang'onopang'ono pamaundana cikhungu colimba. Mtsempha umauma, njira imacepa, monga mmene ngalande za m'tauni zimadzalira zinyalala palibe wosamala mpaka mvula yoyamba itaziulula. Tsiku lina cikhunguco cimang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira n'kutsekeka.

Dzina la matenda limadalira pamene patsekeka. Kukakhala ku mtima ndi heart attack: cifuwa cimathina ngati mwasenzetsedwa thumba la simenti, ululu umapita ku dzanja kapena ku nsagwada, thukuta lozizira limatuluka, ndipo ambiri timati ni gasi, n'kumwa soda. Kukakhala ku ubongo ndi sitroko. Impso zikamanidwa magazi zimafooka mwakacetecete mpaka munthu afunike makina osefa magazi. Sitroko ilinso ndi mtundu waciwiri: mtsempha umene BP yaufooketsa umaphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Kunja mitundu iwiriyi imaoneka cimodzimodzi. Amaisiyanitsa bwino ndi makina ojambula mutu a CT scan, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga UTH.

Zinthu zina zokuza ngoziyi sitingazisinthe: kukalamba, ndi magazi a kubanja, ngati makolo anadwala BP, shuga kapena sitroko. Amene ali ndi kacilombo ka HIV nawonso ngozi yawo ndi yokulirapo, conco pokatenga ma ARV ndi bwino kupimitsa ndi BP yomwe. Koma zambiri timazipanga tekha: fodya, wa ndudu ndi nsunko yomwe, mowa wopitirira, mcere, mimba yotsogola, kukhala pansi tsiku lonse, ndi utsi wa mbaula m'nyumba yotseka mawindo.

Mcere ndi mpando

Mu 2017 Unduna wa za Umoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, unacita kafukufuku wochedwa STEPS pa anthu a zaka 18 mpaka 69 m'dziko lonse la Zambia. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse ali ndi BP yokwera, kutanthauza 140/90 kapena kuposapo, ndipo ambiri a iwo sanali kumwa mankhwala. Yang'anani m'basi imene mwakwerayi. Ngati muli 15, atatu a inu muli pa mzere umenewo, ndipo mwina onse atatu mukumva bwinobwino. Ndilo vuto la BP. Mutu kuwawa si cizindikiro codalirika. Ambiri samva kalikonse. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma. Ife a pamsewu tinene kuti BP siliza hutala.

Kafukufuku yemweyo anapeza kuti munthu wamkulu wa mu Zambia amadya mcere wokwana magalamu 9.5 pa tsiku, pamene WHO imati tisafike magalamu 5, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mcere umasunga madzi m'thupi, ndipo madzi akaculuka m'mitsempha BP imakwera. Si uja wowaza pa mbale cabe. Uli mu soseji ndi poloni, mu nsomba youmika ndi mcere, mu timabulo tokometsera supu, mu buledi, ngakhale mu soda wa m'delele.

Nkhani ya mpando nayo si yatsopano, ndipo inatulukira m'basi. Mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jerry Morris, anafalitsa zimene anapeza atafufuza anthu oposa 30,000 ogwira nchito ya zamtengatenga mu mzinda wa London. M'mabasi a kumeneko, aja osanjikiza, dalaivala anali kukhala pansi pafupifupi tsiku lonse, pamene kondakitala anali kukwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Basi imodzi, msewu umodzi, koma matenda a mtima anali kugwira ndi kupha madalaivala kwambiri kuposa makondakitala. Kafukufuku ameneyo ndi mmodzi mwa oyamba kuonetsa kuti kuyendetsa thupi kumateteza mtima.

Ndiye ba kondakitala amene mumalumpha pa stop iliyonse, miyendo yanu ikukugwirirani nchito, bola musaibweze ndi fodya. Tsiku limene mudzapatsidwa makiyi n'kukhala kutsogolo, mukumbukire amalume anga. Ife okwera tisadzinamizenso. Ola limodzi m'basi m'mawa, maola asanu ndi atatu pa mpando wa ofesi kapena pa booth ya mobile money, ola lina m'basi madzulo, kenako pa sofa: tasiyana pati ndi dalaivala?

Mwendo unacenjeza

Msuweni wanga anakumbuka cinthu cina. Kwa zaka ziwiri amalume anali kuima kawiri katatu pa njira ya kumunda. Mnofu wa kuseri kwa mwendo, pansi pa bondo, unali kuwakoka ngati wamangidwa ndi waya. Akaima mphindi zocepa ululu unali kutha, akayambanso kuyenda unali kubwera pa mtunda womwewo. Phazi linali lozizira, ndipo kabala ka cisonga pa cala kanatenga miyezi kuti kapole.

"Tinali kukamba ati ni ukalamba," anatero.

Sunali ukalamba cabe. Mitsempha yotuluka ya m'mwendo inali itacepa. Munthu akakhala phee, magazi ocepa amene amapita amakwanira; akayenda, mnofu umafuna ambiri, n'kulira ndi ululu. Matendawa amakonda osuta fodya ndi odwala shuga. Akakula, phazi limawawa ngakhale usiku pogona, moti munthu amalendewetsa mwendo pansi pa bedi kuti apeze tulo. Akapitirira pamenepo zala zimada, mnofu umafa, ndipo mathero ake ndi kudula. Kwa wodwala shuga ngozi ndi yaikulu koposa, cifukwa phazi limacita dzanzi, ndiye msomali kapena nsapato yothina imamupweteka iye osamva.

Cofunika kudziwa ndi ici: mitsempha ikacepa m'mwendo, kawirikawiri yacepanso ku mtima ndi ku ubongo. Mwendo wa amalume unali kunena za mutu wawo zaka ziwiri zathunthu.

Misewu yobwerera

Tsiku lacitatu nesi wina anaona ba anti akutsimphina, kansalu ka citenge katamangidwa pa kakolo. Iwo anabwera kudzadwazika, koma anapezeka kuti nawonso ndi wodwala. Asanasamukire kumudzi anagulitsa ndiwo pa Soweto Market zaka 15, ciimire kuyambira m'bandakuca, ndipo anabereka ana asanu ndi mmodzi. Kuseri kwa maondo awo mitsempha inatupa n'kupotana ngati nyongolotsi. Khungu la pa kakolo linada, ndipo pansi pa kansalu panali cilonda ca miyezi inayi.

Magazi ocokera ku phazi amayenda cokwera kuti afike kumtima. Cimene cimawakankha ndi mnofu wa kuseri kwa mwendo, umene umafinya mitsempha pa sitepe iliyonse. Mkati mwa mitsemphayo muli tizitseko ting'onoting'ono totseguka mbali imodzi, toletsa magazi kubwerera pansi. Kuima pamalo amodzi nthawi yaitali, mimba zambiri, kunenepa ndi cibadwa ca kubanja zimafooketsa tizitseko timeneti. Magazi amadikha m'miyendo, miyendo imalemera madzulo, akakolo amatupa, khungu limayabwa, kenako cilonda cosamva mankhwala. Amayi a pamsika, alonda, ometa tsitsi, aphunzitsi ndi ogulitsa m'mashopu, nkhaniyi ndi yanu. Cothandiza ndi kuyendayenda, kunyamuka ndi zala za kumapazi kangapo pa ola, ndi kugoneka miyendo pa pilo madzulo kuti ikhale pamwamba. Masokosi othina a kucipatala amathandizanso, koma ayambe apima acipatala, cifukwa kumanga mwendo umene mitsempha yake yotuluka yacepa kale ndi kuuwonongeratu.

Matenda ena a mitsempha yobwerera ndi aliwiro, ndipo awa tinawaona kwa mlongo wanga, amene amakaoda katundu ku Nakonde. Caka catha anaseluka pa Intercity atakhala usiku wonse pa mpando wa pa windo, cikwama pansi pa mapazi, osamwa madzi poopa kuvutitsa dalaivala. Patapita masiku awiri mwendo wamanzere unatupa, wotentha, wowawa kuseri. Aneba anabwera ndi madzi otentha kuti authowe ndi kuusisita. Mwamwayi mnzake wina anakana, nam'tengera kucipatala. Atajambula mwendo anapeza magazi ataundana mu mtsempha wa mkati, matenda amene amati DVT. Anamwa mankhwala osungunula magazi miyezi itatu.

Kuopsa kwake ndi kwakuti cibuluma ca magazico cingathe kuthothoka, kuyenda ndi mtsempha kudzera mumtima mpaka kukatseka m'mapapo. Munthu amabanika mwadzidzidzi, cifuwa cimabaya, nthawi zina amakhosomola magazi, ndipo ena amagwa pomwepo osadzukanso. Ndiye mwendo umodzi ukatupa ndi kutentha, osausisita iyayi, thamangirani kucipatala.

Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafotokoza za kuundana kwa magazi kumeneku m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero ophunzira udokotala amaloweza zifukwa zitatu zochedwa ndi dzina lake: magazi oyenda pang'onopang'ono, mtsempha wovulala, ndi magazi osacedwa kuundana. Ndiye cifukwa cake ngozi imakula kwa wogona pa bedi nthawi yaitali, wocitidwa opaleshoni, wothyoka mwendo, mayi wapakati kapena amene wangobereka m'masabata asanu ndi limodzi apitawo, womwa mapiritsi ena olerera, ndi wodwala khansa, TB kapena HIV. Mu 2007 WHO inanena kuti ulendo wokhala pansi maola anayi kapena kuposapo umawirikiza kawiri ngoziyi, ngakhale kuti imagwera munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 6,000. Si cifukwa coleka bizinesi. Koma inu a ku Nakonde, ku Chipata ndi ku Johannesburg, basi ikaima selukani muyende, imwani madzi, ndipo muli pa mpando muzigwedeza mapazi.

Nthawi ndi mtunda

Matenda a mitsempha sayang'ana thumba. Pa 29 June 2008, Pulezidenti Levy Mwanawasa anagwidwa ndi sitroko ali ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, kumene anapita ku msonkhano wa African Union. Inali yaciwiri, cifukwa yoyamba inawagwira mu 2006. Anawatengera ku France, ndipo anamwalira pa 19 August 2008 ali ndi zaka 59. Cipatala cacikulu cimene mumapitirira pa Great East Road pafupi ndi Chainama cinachedwa dzina lawo. Pa dziko lonse, WHO inawerengera kuti matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu 17.9 miliyoni mu 2019, kuposa matenda ena alionse.

Sitroko ikagwa, ubongo umayamba kufa pa mphindi iliyonse. Zizindikiro zake mwana wa giredi 5 angathe kuziloweza: nkhope kapena pakamwa kupendama, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, mawu kusokonekera. Mukaona cimodzi mwa izi, pezani motoka nthawi yomweyo. Musam'patse phala, madzi kapena tiyi, cifukwa kumeza kumavuta ndipo cakudya cingalowe m'mapapo. Musam'patse aspirin mwa inu nokha, cifukwa ngati mtsempha waphulika, aspirin amawonjezera kukha magazi. Ngakhale zizindikiro zitatha zokha patapita mphindi khumi, pitani ndithu. Kawirikawiri kameneko ndi kalambula bwalo wa sitroko yaikulu.

Mankhwala osungunula cibuluma ca mu ubongo, kumene alipo, amaperekedwa m'maola anayi ndi theka oyamba, ndiponso mutu utajambulidwa. Manje werengani nokha. Kucokera m'munda wa ku Mpanshya kufika pa msewu, kupeza motoka, kuyenda makilomita 200, kulowa mu mzere wa pa Chelstone ndi Munali: maola aja atha. Kwa munthu wa kumudzi, citetezo ceniceni ndi kupima BP ndi kumwa kam'bulu kake tsiku ndi tsiku sitroko isanabwere. Ndipo ambiri a ife tili ndi pulani yofanana ndi ya amalume: kugwira nchito mu Lusaka, kugula malata, kukapumula kumudzi. Mitsempha imene tidzapite nayo kumeneko ndi imene tikuipanga lero.

Bilu yake

Amalume anatuluka m'cipatala patapita masabata awiri. Miyezi isanu yapitapo tsopano. Amayenda ndi ndodo, mwendo wamanja akukoka. Amakamba, koma mawu amabwera amodziamodzi. Dzanja likali kuphunzira kugwira supuni, ndipo tsiku lililonse msuweni wanga amaliwongola ndi kulipinda monga anam'phunzitsira acipatala. Caka cino munda unalimidwa theka. Mbuzi zinayi zinagulitsidwa. Mdzukulu wa giredi 8 anajomba temu yathunthu kuti azithandiza ambuye ake. Sitroko imagwira munthu mmodzi, koma khasu limagwa m'manja mwa banja lonse. Zonsezi poyerekeza ndi kam'bulu kamodzi pa tsiku, ka mankhwala wamba monga amlodipine, nifedipine kapena enalapril, amene BP amaigwira koma saicotsa. Ndiye cifukwa cake samalekedwa munthu akamva bwino. Kumva bwinoko ndiyo nchito ya mankhwalawo.

Tsiku lotsazika, nesi atamaliza kupima amalume, iwo anatukula dzanja lamanzere n'kuloza ine.

"Pimani... uyu."

Ndinaseka. Ndili ndi zaka 44, sindisuta, sindinagonepo m'cipatala. Lamba uja anafinya mkono, makina analira: 154/98. Nesi anati nambala imodzi siikwanira, mwina ndi nkhawa ya matenda a amalume, ndikapimitsenso. Nditabwerera ndinapima kawiri pa kiliniki ya kwathu, masiku osiyana. Sinatsike. Lero ndili ndi kabuku kanga, ndipo masamba ake sadzakhala oyera.

Zimene ndasintha si zodula. Mcere unacoka pa tebulo. Tiyi ndi wa supuni imodzi. Micopo ndi ya pa malipiro cabe, masiku ena ndi cibwabwa ca nshawa ndi kapenta wotsuka bwino. WHO imati munthu wamkulu aziyendetsa thupi mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Ine ndimaseluka ma stop awiri ndisanafike kwathu, ndipo kondakitala wina wondizolowera amakuwa, "Ba boss, ndalama zasila?" Ndimangomukweza dzanja.

Kupima BP sikutha mphindi zisanu. Kuli pa kiliniki iliyonse, ndipo ma chemist ambiri ali ndi makina ake. Mukapita, pemphani apimenso shuga. Ngati mumaima pa njira cifukwa ca mwendo, kapena muli ndi cilonda cosapola, cinenereni pomwepo. Tengani ndi akazi anu kapena amuna anu, ndipo mukatuma ndalama kumudzi pa mapeto a mwezi, funsaninso ngati amayi ndi atate akali kumwa mankhwala awo.

Pa Sondo yatha ndinawatumira foni amalume. Msuweni wanga anawagwirizira pa khutu, ndipo ndinadikira mawu awo mmene timadikirira basi ya usiku. Anafunsa za mitengo ya mafuta, anafunsa ngati anzawo akale akali pa msewu. Kenako anati ndiwauze anzawowo, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzalemba monga anakambira.

"Mphwanga, basi ninali kuipeleka ku service mwezi ulionse. Oil, mabuleki, matayala, vonse. Ine neka sininayendeko."